Tsegulani Mabowo Aja

14 Epulo

Amayi a ana anga,

Landirani moni wochokera kwa ine mwamuna wanu. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko, inu, ana, ndi apongozi anga? Ine kuno thupi lili bwino. Achimwene anu afika Lachiwiri lapitali, fumbi mpaka m'nsidze, chikwama chili pamutu ngati akupita kuchigayo. A dalaivala a lole anawatsitsa pageti penipeni. Kalata yanu andipatsa, pamodzi ndi juzi imene munandilukira. Manja ake atalika pang'ono, koma ndimapinda.

Nkhani yabwino ndi yakuti ndapeza ntchito yokhazikika. Zoima pamphambano kudikira ganyu zatha. Bwana wanga ali ndi kagalimoto konyamula makwerero pamwamba, ndipo ntchito yake ndi kukonzera anthu nyumba zawo chisanu chisanafike. Tilipo atatu: bwana, ine, ndi mnzanga wina amene timamutcha Chipewa chifukwa chake chija sachivula ngakhale pakudya. Timakwera pamadenga kuchotsa masamba m'ngalande za malata, timasesa mwaye m'machumuni, timakulunga mapaipi a madzi kuti asaphulike ndi kuzizira, timamata timalamba ta labala m'mphepete mwa zitseko ndi mazenera. Amayi a ana, kuno anthu amafunditsa bulangeti ngakhale thanki ya madzi otentha. Nditaona koyamba ndinaseka mpaka makwerero anagwedezeka.

Bwana akuti mphepo ndi mbala, pamene pangalowe lumo iyonso imalowa. Pa milungu itatu yokha ndaphunzira zimene ena sangaphunzire pa chaka. Mukukumbukira zimene alamu ananena tsiku lija ndinabwera kudzakufunsirani, kuti munthu wopanda luso m'manja adzakudyetsani mphepo? Lero mphepo yomweyo ndi imene ikutidyetsa. Sindinawakumbutse, koma ndikuona kuti akukumbuka okha. Makina awo osokera akuti anagulitsa shopu itatsekedwa, ndiye pakali pano akuyendayenda kufunsa ntchito kwa matelala a m'tauni.

Tsopano mverani za nyumba yathu, chifukwa sindikufuna kuti mzime wathu atsokomolenso mwezi wathunthu ngati chaka chatha. Ndatumiza kangachepe ndi a dalaivala. Mugule magalasi awiri a zenera la kuchipinda kwa ana, makatoni aja achoke. Yotsalayo mugule bulangeti lokhuthala, osati lokongola maluwa okhaokha. Pansi pa chitseko muziika thumba la mchenga madzulo. Ndipo mabowo aja amisiri anasiya pamwamba pa mazenera, atsekeni onse ndi nsanza, kenako mumate dothi. Amisiri athu amasiya mabowo amenewo chifukwa sanayende. Mukatha kuphika, mbaula muziilowetsa kuchipinda kwa ana, mutseke chitseko, mudzaona mmene agonere ngati ana a bwana.

Mupereke moni kwa onse ondifunsa.

Ine mwamuna wanu.

6 Meyi

Amayi a ana anga,

Moni kwa inu nonse. Ndakondwa kumva kuti muli bwino, kuti magalasi aikidwa, ndiponso kuti mabowo mwatseka monga ndinanenera. Ife kuno tilipo, kungoti masiku ano tonse awiri tikudzuka mutu ukuwawa. Ndi chimfine cha nyengo ino, musade nkhawa.

Chisanu chayamba, ndipo si chija mukuchidziwa inu. M'mawa madzi a m'ndowa amene agona panja amachita kagalasi pamwamba, kuswa ndi chala. Mwafunsa mmene tikukhalira. Kuseri kwa nyumba ya a landilodi kuli zipinda zisanu mumzere, mpope umodzi, chimbudzi chimodzi. Chathu ndi chakumapeto. Denga ndi malata opanda siling'i, zenera ndi limodzi. Alamu ndinawasiyira bedi, ine ndimayala pansi. Khomo loyandikana nalo kumakhala mayi wina wamasiye amene amagulitsa mazira owiritsa pa siteji ya basi. Tonse timangowatcha amayi a mazira, iwonso alamu amangowatcha a telala.

Alamu apeza kaganyu. Pali shopu ina yosoka makatani okhuthala a nyengo yozizira, imawapatsa kuti azipinda m'mphepete ndi manja. Amabwera nawo kuno n'kumasokera m'chipinda tsiku lonse. Koma zala zawo zimauma ndi kuzizira mpaka singano imagwa pansi, n'kuyamba kuifunafuna ndi maondo. Munthu wamkulu ngati uja, amene anakulerani inu bambo atamwalira, kumuona akukwawa pa simenti, sizinandikomere. Hita a landilodi anakana, akuti imadya magetsi ngati njovu m'munda.

Ndiye Lamlungu ndinavula malaya. Bwana anandipatsa zotsala za labala uja, ndinamata chitseko ndi zenera. Mipata ya pakati pa khoma ndi malata ndinatseka ndi manyuzipepala. Kabowo ka njerwa kamene kali pamwamba pa chitseko ndinakaphimba ndi katoni. Kenako ndinagula mbaula ya chitini cha penti ndi kathumba ka makala. Tsopano mukalowa m'chipinda mwathu mumavula jekete.

Alamu poyamba anachita makani. Anati kushopu kwawo, akamasita ndi nsimbi ya makala, ankatsegula chitseko ngakhale kuzizire bwanji, apo ayi ankamva chizungulire. Anati, "Alamu, nyumba nayonso imapuma." Ine ndinawayankha kuti telala adziwe za ulusi, za mphepo asiyire eni ake. Panali Chipewa, panalinso amayi a mazira akuchapa pa mpope, ndipo Chipewa anaseka mpaka kutsamira khoma. Alamu anangotola nsalu yawo n'kulowa. Mwina mchere ndinaonjeza, koma madzulo ake ndinawaona akuotha manja pa mbaula yomweyo.

Kumeneko mabulangeti muziwayanika padzuwa masana, amasunga kutentha ndipo fungo la chinyezi limachoka. Pa simenti ya kuchipinda muyale ziguduli, ana asamaponde pansi ndi mapazi podzuka. Nsapato za wachisamba ndamva. Zidikire kumapeto kwa mwezi, kuno makala akwera mtengo kawiri chiyambire kuzizira.

Alamu akupereka moni. Akuti muwauze amayi kuti akunenepa.

Ine mwamuna wanu.

27 Meyi

Amayi a ana,

Moni. Ndikhulupirira muli moyo nonse. Ndaimba foni kawiri ku sitolo ya pamsika kuti akuuzeni, sindikudziwa ngati uthenga wafika, ndiye ndalembanso.

Tsegulani mabowo aja. Mukangolandira kalata ino, musadikire kuti kuche, musadikire munthu wokuthandizani. Tengani mpeni kapena khasu, gumulani dothi lija, chotsani nsanza zonse, chipinda chilichonse. Mbaula isalowenso m'nyumba, ngakhale makala aoneke ngati azima. Ana akadandaula kuzizira agone pamodzi, muwafunditse zonse zimene muli nazo, makatani omwe. Zimene ndinalemba m'kalata yoyamba zija musazitsatirenso.

Ngati pali mwana amene akumva mutu, kapena kusanza, kapena kugona tulo tosadzutsika msanga, mutulutseni panja pomwepo, mupite naye kuchipatala.

Achimwene anu sakupeza bwino. Ali kuchipatala chachikulu kuyambira Lachinayi. Madokotala akuwaona. Apongozi musawauze kaye.

Mundiyankhe ndi a dalaivala omwewa, akubwerera Loweruka. Mungolemba kuti ana ali bwanji.

Ine.

15 Juni

Amayi a ana anga,

Landirani moni. Ine ndilipo. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndathokoza Mulungu kuti uthenga wa pa foni unafika tsiku lomwelo. Pamene mwalemba kuti mzime anali atasanza m'mawa katatu sabata imeneyo, ndipo inu munkayesa malungo, ndinapinda kalatayo n'kukakhala kuseri kwa chimbudzi nthawi yaitali. Mwati tsopano akudzuka akusewera. Basi, zimenezo zandikwanira. Mabowo akhale otsegula mpaka kalekale.

Mwafunsa mafunso ambiri za achimwene anu. Ndiyankha zimene ndingathe. Ndi utsi wa makala, umene suoneka ndipo sununkha. Anakomoka masiku anayi. Tsopano atsitsimuka, paipi ya mpweya awachotsa m'mphuno. Amayi a mazira akuti alamu akumwa tiyi okha, kapu akuigwira ndi manja awiri. Akutinso akulankhula, koma pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina amafunsa chinthu chimodzi kawiri. Akuti wodi yawo ndi yofunda, mabulangeti alipo okwanira. Ndinawapatsira sopo, mswachi ndi malalanje.

Ntchito yachuluka kwambiri. Anthu amene ankazengereza mu Epulo tsopano onse akuimbira bwana nthawi imodzi. Sabata yatha tinali kunyumba ya nkhalamba ina yokhala yokha ndi galu. Paipi inaphulika m'denga, madzi anatsikira pa bedi. Galu wake amavala juzi, ndipo ali ndi kamatiresi kake pafupi ndi moto. Nkhalambayo inatipatsa tiyi m'makapu abwino, inandiyamika kuti ndili ndi manja osamala. Tiyiyo ndinamusiya m'kapu momwemo.

Masiku ano sindikugona kuchipinda kwathu, ndikugona kwa Chipewa. Ndimangopitako kukatenga zovala. Makatani amene alamu ankasoka ndinabweza ku shopu, limodzi linali losatha, singano ikadali pomwepo. Amayi a mazira sakundiyankha moni. Ndi nkhani ina imeneyo.

Ndatumiza ya nsapato za wachisamba, mugule zokulirapo kuti zifike chaka chamawa. Mugulenso masokosi a ana onse. Madzulo muziwiritsa madzi, muthire m'botolo, mutseke zolimba, mukulunge ndi nsalu n'kuliika kumapazi kwa mzime. Zimenezi ndafunsa kwa bwana, ndafunsanso kwa munthu wina wachiwiri, onse akuti zilibe vuto.

Apongozi mwachita bwino kuwauza kuti ndi chifuwa chabe. Tidzawauza zonse alamu akatuluka.

Ine mwamuna wanu.

2 Julayi

Amayi a ana anga,

Moni kwa inu ndi ana. Ndamva kuti nonse muli bwino, kupatula apongozi amene akudandaula miyendo. Muziwathowa ndi madzi ofunda. Ine thupi lilibe vuto.

Mwalemba kuti kalata yanga yadzaza ndi akuti, akuti, ndipo mwafunsa ngati ine ndili ndi maso anga. Mwafunsanso chifukwa chake utsiwo unagwira munthu mmodzi m'chipinda cha anthu awiri. Munali wochenjera kuyambira kale, nchifukwa chake alamu ankati sindikukuyenerani.

Lachinayi lija ndinadzuka m'mamawa kupita kuntchito. Kunja kunali chisanu choyera pa malata. Alamu anali m'tulo, atavala juzi yanga ija munaluka, chifukwa yawo ndi yopyapyala. Mbaula inali itatsala phulusa. Ndinaganiza kuti ndiwachitire chifundo, adzuke m'chipinda mofunda kuti zala zigwire singano. Ndinathira makala atsopano odzaza, ndinakupiza mpaka anayaka, ndinaika mbaula pafupi ndi bedi. Potuluka ndinakoka chitseko, ndipo thumba lathu la mchenga ndinalikankhira pansi pa chitseko ndi phazi langa, ndili kunja, kuti mphepo isawapeze. Ndinapita ndikuimba mluzu.

Tsikulo kunagwa mvula ya matalala, bwana anati padenga sipakwereka, anatibweza isanakwane teni koloko. Chikhala kuti sikunagwe matalala, bwenzi ndikukulemberani za maliro. Ndinawapeza ali chigonere, nkhope ili psuu, thovu kukamwa. Ndinawagwira m'khwapa n'kuwakokera pabwalo. Amayi a mazira anali asanapite kumsika chifukwa cha mvulayo, ndi amene anathamanga kukaitana ambulansi.

Patapita masiku ndinamufunsa bwana, ngati nkhani ya munthu wina, kuti chimachitika n'chiyani munthu akatseka mabowo onse. Anandiyang'ana, anaika pansi chimene anagwira, ananditengera kukhitchini ya nyumba imene tinkakonza n'kundilozera kabowo ka njerwa pamwamba pa khoma. Anati tsiku langa loyamba anandiuza kuti kameneko sitikhudza, m'nyumba iliyonse, ngakhale mwini nyumba alipire kawiri. N'zoona anandiuza. Ine ndinkayesa ndi ulesi wa bwana, kuti akufuna tiweruke msanga. Mumtima ndinkati ndikadzakhala ndi kampani yanga ndizidzatseka onse. Theka la phunziro ndi limene ndinakutumizirani, ndipo ndinalitumiza ndi matama.

Za maso anga. Kuchipatala ndimapita, Lamlungu lililonse. Ndimafika pageti, ndimaima pafupi ndi ogulitsa nthochi, ndimaona anthu akulowa ndi mabasiketi. Pageti pali alonda amene amalemba maina m'buku. Mapepala anga okhalira m'dziko muno anatha mu Febuluwale, sindinakuuzeni. Ndiye kaphukusi ndimapatsira amayi a mazira, iwo amalandira osandiyang'ana. Chipewa akuti alondawo safunsa mapepala, amangolemba dzina limene wanena. Mwina n'zoona. Sindinayese.

Musandiyankhe mofatsa chifukwa choti ndine bambo a ana anu. Lembani zimene zili kumtima.

Ine mwamuna wanu.

20 Julayi

Amayi a ana anga,

Ndikupereka moni, ngakhale a dalaivala abwera chimanjamanja ulendo uno. Ati munawauza kuti ana ali bwino, ndipo kalata mulibe. Ndamva. Sindikudandaula.

Achimwene anu atuluka Lolemba. Amayi a mazira anakawatenga pa minibasi, anataya malonda a tsiku lonse. Ine ndinawadikira pakhomo. Chipinda ndinali nditachikonza kale: labala yense ndinamatula, manyuzipepala ndinachotsa, katoni ya pa kabowo ndinang'amba. Mbaula ndinaiponda ndi mwala n'kukaitaya kudzala.

Ndikuuzeni zoona za mmene alili, kuti musadzadzidzimuke. Aonda, thalauza akumanga ndi chingwe. Akuyenda okha, koma ngati munthu amene akuwoloka mtsinje pa mtengo. Nkhani zakale akuzikumbuka zonse, mpaka mtengo wa makina awo oyamba, koma akaika kapu pansi amaiwala pamene aiika. Dzanja lamanja limanjenjemera. Lachitatu anapempha singano ndi ulusi kuti asoke batani la malaya awo. Anayesa kulowetsa ulusi kasanu ndi kawiri, ine ndikuwerenga mumtima. Kenako anabaya singanoyo pa pilo n'kunena kuti kuwala kwachepa. Linali dzuwa la masana. Dokotala akuti zina zidzabwerera pakapita miyezi, zina mwina ayi.

Kuzizira kwafika pachimake. Ndinagula mabulangeti awiri pa kaunjika, ndinapachika lina pakhoma la kumutu kwa bedi. Madzulo ndimaotcha njerwa pa moto wa amayi a mazira panja, ndimaikulunga ndi thaulo n'kuwaikira kumapazi. Zenera limagona lotsegula zala ziwiri. Ine ndimagona ndi jekete ndi nsapato, ndipo ndimadzuka kawirikawiri kumvetsera ngati akupuma.

Chimene chikundilemera ndi ichi. Alamu akundithokoza. Tsiku limene anafika, anthu a m'zipinda zonse anatuluka kudzawalonjera, a landilodi omwe. Iwo anandigwira dzanja pamaso pa onsewo n'kunena kuti, "Mlamu wangayu ndi amene anandikoka m'manda." Anthu anawomba m'manja. A landilodi anati ndine mwamuna. Amayi a mazira anatola beseni lawo n'kulowa m'nyumba. Za mbaula ndinawauza alamu usiku womwewo, kuti ndine ndinathira makala, ndine ndinatseka chitseko. Anati amadziwa, ndipo munthu wofuna kukufunditsa sumuimba mlandu chifukwa bulangeti lalemera. Za mawu anga aja a ulusi ndi mphepo sanatchule n'komwe.

Mwina mukuganiza kuti pamenepa mtima wanga wapepuka. Ayi. Akamandithokoza ndimafuna nthaka itang'ambika. Chakudya ndimadyera panja.

A dalaivala akuti pa ulendo wa pa 10 Ogasiti mpando wakutsogolo udzakhala wopanda munthu. Alamu avomera kubwerera. Ndalankhula ndi bwana kuti ndizigwira ndi Loweruka lomwe, kuti ndipeze ya ulendo ndi ya mankhwala a miyezi itatu. Tsopano apongozi mukhoza kuyamba kuwauza pang'onopang'ono.

Ine mwamuna wanu.

9 Ogasiti

Amayi a ana anga,

Moni kwa inu, kwa ana, ndi kwa apongozi. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli ndi mphamvu. Ine ndili moyo. Imeneyi sindinapatse a dalaivala. Ili m'thumba la malaya a achimwene anu, ndipo iwo akudziwa zimene zili m'katimu.

Pali chimene ndakhala ndikuchizungulira m'makalata anayi. Lachinayi lija, nditawakokera alamu pabwalo, ambulansi sinabwere yokha. Kumbuyo kwake kunali galimoto ya apolisi, chifukwa a landilodi anaimba kuti pakhomo pawo pafa munthu. Alamu anali gone pa simenti yonyowa, mutu uli pafupi ndi nsapato zanga. Wapolisi anatulutsa kabuku. Anafunsa kuti wachibale ndani, amakhala ndi yani, dzina lake ndani. Anthu onse anayang'ana ine. Wapolisi anayang'ananso ine.

Ndinati, "Sindikuwadziwa. Ndimangodutsa."

Ndinatola chikwama changa cha zipangizo, ndinatuluka pageti, ndinayenda osacheuka mpaka kumsika. Ndinkaganiza za mapepala anga, za nyumba yathu yosatha, za sukulu ya ana. Ndingathe kukuuzani kuti ndinkaganizira inu, ndipo sikungakhale kunama konse, koma chimene chinayendetsa miyendo yanga ndi mantha basi. Amayi a mazira ndi amene anakwera ambulansi. Dzina la alamu sankalidziwa, ankangodziwa kuti a telala. Masiku anayi achimwene anu anagona pa bedi lolembedwa kuti munthu wosadziwika. Akanamwalira, akanaikidwa ndi akaidi m'manda opanda chikwangwani, inu n'kumadikira moni wawo. Tsiku lachisanu mayiwo anabwera kudzandipeza kwa Chipewa, anatambasula dzanja, ndinawapatsa kiyi, anakatenga pasipoti m'chikwama cha alamu n'kupita nayo okha. Alonda a pageti sindinkawaopa kwenikweni. Ndinkaopa bedi lija.

Dzulo masana tikulongedza katundu ndinagwada pansi kuti ndimange chikwama, ndipo ndili chigwadire ndinawauza. Ndinayembekeza kuti akwiya, kapena sakhulupirira, kapena aiwala ndisanamalize. Iwo anali pa bedi akupinda malaya ndi dzanja lonjenjemera lija. Anamaliza kupinda, kenako anati, "Ndinamva, alamu."

Anati maso ankakanika kutsegula, thupi linali ngati la munthu wina, koma makutu ankagwira ntchito. Za tsiku limenelo zonse zinafufutika, mvula sakuikumbuka, ambulansi sakuikumbuka, koma mawu anga anatsala. Anati atatsitsimuka kuchipatala ndi chinthu choyamba chimene chinabwera m'mutu, dzina lawo lisanabwere. Milungu isanu ndi iwiri ankayang'ana kukhomo la wodi nthawi ya alendo.

Ndinawafunsa chifukwa chake anandithokoza pagulu. Anati, "Amene anandikoka ndinu. Amene anandikana ndinunso. Pagulu ndinasankha woti nditchule, chifukwa ana a mlongo wanga bambo wawo ndi mmodzi."

Sananene kuti andikhululukira, inenso sindinapemphe. Anati nkhaniyi ithere m'chipinda momwemo, inu musaidziwe, ikupwetekani chabe. Ndinawauza kuti ndakunamizani mokwanira chaka chino, ndilemba. Anati ngati ndi choncho ndiwapatse iwo, kalata yotere siyenda ndi mlendo.

Muwapatse chipinda cha kum'mawa chija, chimene dzuwa limalowa msanga, ana asamukire kwa inu. Mankhwala ali m'thumba la pambali, oyera m'mawa, achikasu madzulo, muziwapatsa ndinu chifukwa amaiwala ngati amwa. Akafunsa chinthu kawiri, muwayankhe kawiri, ndipo ana muwalangize asaseke. Pamoto asamakhale okha. M'chikwama muli nsalu ya buluu imene amayi a mazira akupatsirani. Ine sanandiyankhebe moni, koma dzulo anandibwereka chingwe chomangira katundu.

Ine nditsala kuno. Bwana wati andithandiza kukaima pamzere wa mapepala mwezi wamawa, zikakanika ndiye kuti mudzandiona ndi kathumba m'manja. Ndalama ndizitumiza mwezi ndi mwezi, kaya mwayankha kaya simunayankhe. Mukafuna kuti apongozi adziwe, auzeni, musandibisire kanthu.

Alamu ati akafika adzakupatsani kalatayi mutakhala pansi, iwo adzatuluka kukakhala pakhonde mpaka mutamaliza kuwerenga. Musawasiye panjapo nthawi yaitali. Kukuzizirabe.

Ine mwamuna wanu.